Manambala a webusaiti yathu sakugwirizana, ndilembe iti mu lipoti?

mlongo_waku_Zomba

Moni nonse, ndithandizeni abale mutu wandizungulira. Ndimagwira ntchito pa kabungwe kena kakang'ono kuno ku Zomba, timachita za alimi, mbewu, kasungidwe ka chimanga ndi zina zotero, ndiye poti ndine wamng'ono pa onse mu ofesimo chilichonse chokhudza kompyuta chimagwera ine, printa ikakana ndi ine, imelo ya abwana ikatsekeka ndi ine, pano za webusaiti ndi inenso. Webusaitiyo anatipangira mnyamata wina pa WordPress, panopa ali ku Joni ndipo nambala yake siikugwiranso.

Nkhani ndi iyi. Miyezi itatu iliyonse timatumiza lipoti kwa ma donor ndipo pa fomu yawo pali mzere woti tilembe anthu amene tawafikira kudzera pa webusaiti. Kota yatha abwana analowa okha mu cPanel, momwe timayendetsera hosting ya webusaiti, muli kanthu kaja kowerenga zochitika pa webusaiti kotchedwa AWStats, anaona manambala angapo nkusankha yaikulu pa onse, 41,000 ndi kanthu, basi nkulemba kuti tafikira anthu 41,000. Anasangalala zedi mpaka anakanena pa msonkhano wa board. Ine mu Januwale ndinaika Google Analytics, ndimangotsatira mavidiyo a pa YouTube, ndiye lero ndatsegula kuti nditenge za Januwale mpaka Malichi ikundipatsa active users 870, views 5,600. Search Console, chida chinanso cha Google, ikuti clicks 312. Ku Facebook akuti link clicks pafupifupi 1,900. Malo anayi koma palibe awiri amene akugwirizana.

Abwana akuti Analytics yangayo ndi yoonongeka, akuti kodi anthu 40,000 aja amwalira? Nanenso ndasowa chowayankha. China chondidabwitsa, anthu ambiri akuoneka kuti anabwera pa Direct, ndiye kuti mlimi wa ku Jali wakhala pansi nkumalemba yekha adiresi yathu yaitali ija? Ine zikundikanika kukhulupirira. Palinso anthu 60 ndi kanthu ochokera ku Ashburn, kaya ndi kuti kumeneko, chonsecho ife nkhani zathu ndi za anankafumbwe. Lipoti likufunika Lachisanu. Ndilembe nambala iti, komanso ndikonze chiyani kuti kota ikubwerayi ndisadzachitenso manyazi?

kachipangizo

Achemwali mtima pansi, palibe wamwalira kkkk, anthu 40,000 amenewo sanabadwe nkomwe. Bwererani mu AWStats mukaone pamwamba pa kolamu imene abwana anatengapo nambalayo, ndikubetcha palembedwa Hits. Hit si munthu, si tsamba nkomwe, ndi fayilo iliyonse imene seva yatumiza. Munthu mmodzi akatsegula tsamba lanu loyamba foni yake imapempha tsambalo, kenako logo, zithunzi zonse za pa slider, mafayilo a CSS, a JavaScript, ma font, ndipo pa WordPress yodzadza mapulagini zimenezi zimakwana 20, 30 kapena kupitirira apo mosavuta. Munthu mmodzi, tsamba limodzi, hits 30. Zili ngati wapita ku chigayo ndi thumba limodzi koma pobwera ukuuza anthu kuchuluka kwa maso a chimanga. Pamzere womwewo pali Unique visitors, Number of visits, Pages, kenako Hits ndi Bandwidth. Yoyandikirako ndi unique visitors koma nayonso imawerenga ma IP, manambala amene chipangizo chimatulukira nawo pa intaneti, osati anthu, ndipo ma bot, mapulogalamu oyendera mawebusaiti okha, amene amadzibisa ngati browser wamba amalowa momwemo.

Koma ine chimene chandikoka diso ndi china. Users 870 views 5,600, ndiye kuti aliyense amatsegula masamba oposa 6. Pa webusaiti ya bungwe, ndi mmene bando ikuwawira panomu, ndikukayika kwambiri. Nthawi zambiri ndikaona zotere ndimapeza kuti code ya Analytics yaikidwa kawiri, ina kudzera pa pulagini ina mu theme kapena mu Tag Manager, ndiye munthu akatsegula tsamba kamodzi imawerenga kawiri. Users sasintha, views ndi amene amatupa. Kuti muone, tsegulani webusaiti pa laputopu mu incognito, dinani Ctrl ndi U kuti code ya tsamba ituluke, kenako Ctrl ndi F mulembe ID yanu ija yoyamba ndi G- muone ikupezeka malo angati osiyana. Kapena gwiritsani Tag Assistant ya Google, mukalumikiza muzikaonera mu DebugView, mukatsegula tsamba limodzi page_view ituluke kamodzi basi. Ikatuluka kawiri mwamugwira wakubayo. Mukapezamo ID yoyamba ndi UA- imeneyo ndi ya mnyamata wa ku Joniyo, ndi Universal Analytics yakale, Google anasiya kuilandirira data pa 1 July 2023, ingochotsani ikungolemetsa tsamba.

Mukalowa mu Admin ya Analytics onaninso time zone. Anthu ambiri pokhazikitsa amangodina next next nkusiya nthawi ya ku America, ndiye mlimi akatsegula mmawa wa pa 1 Epulo kwa ife, Analytics imamuika pa 31 Malichi. Ikani Malawi, GMT+2. Ingodziwani kuti kusinthako kumagwira kuyambira tsiku limenelo, za mmbuyo sizikonzeka. Kenako pitani pa data retention, imabwera ili pa miyezi 2, isintheni ikhale 14 lero lomwe osati mawa. Malipoti wamba aja sakhudzidwa koma tsiku limene mudzafune kufukula mu Explore, mwina ma donor afunsa za chaka chonse, mudzapeza mulibe kanthu ndipo zofufutidwa sizibwerera.

Ashburn ili ku Virginia ku America, ndi dera lodzadza ma data centre, ndiye amenewo si anthu ndi makompyuta, mwina zida zoona ngati webusaiti ili moyo mwina ma bot ena. GA4, kutanthauza Google Analytics 4 imene mwaikayo, imachotsa yokha ma bot odziwika koma ena amadutsabe. Onani engagement time yawo, mupeza ndi 0 kapena sekondi imodzi. Mu lipoti ine ndikanaika filter ya country Malawi, nkhani yatha.

dolo_wa_mtauni

Aaa inu mukuvutikiranji, lembani 43,000 aone kuti zikukwera kkkk. Amene amawerenga malipoti amenewa ndani? Amangoona pa budget basi. Mukalemba 870 chaka chamawa ndalama kulibe, malipiro anu mukatenga kwa Google?

amayi_a_MandE

Achimwene a mtauni, nthabwala zili bwino koma mwanayu angakumvereni zenizeni. Ine ndakhala pa ntchito ya malipoti zaka zambiri ndipo ndinaonapo ndi maso anga, pa bungwe lina limene sinditchula, anthu anabwera kudzachita data quality assessment, mayi wina wofatsa bwino anangoloza nambala imodzi mu lipoti nkunena kuti tatsegulani kompyuta mundionetse pamene inachokera. Mnyamata wa IT thukuta kamukamu, abwana akuyang'ana kudenga. Vuto silinali nambala ya webusaitiyo ayi, imeneyo inali yaing'ono pa project yonse, koma kuchokera pamenepo anayamba kukayikira chilichonse, ndi manambala a alimi ophunzitsidwa omwe amene anali oona. Tinatha masabata tikufukula ma attendance sheet mmakatoni.

Mwana wanga wa ku Zomba, nambala ina iliyonse mu lipoti izibwera ndi dzina lake lenileni. Usalembe kuti anthu 870. Lemba kuti active users 870 malinga ndi Google Analytics 4, kuyambira 1 Januwale mpaka 31 Malichi, ochokera ku Malawi ndi angati mwa amenewo, ndipo pansi pake kamzere kamodzi kofotokoza kuti user ndi browser pa chipangizo, osati mutu wa munthu. Iweyo ukatsegula pa foni kenako pa laputopu ndiwe anthu awiri. Ukafufuta ma cookie nkubweranso ndiwe wachitatu. Mbali inayi foni imodzi ya lead farmer imatha kuzungulira kalabu yonse ya anthu 15 pansi pa mtengo ndipo Analytics iona mmodzi. Ndiye siilondola ndendende mbali zonse ziwiri, koma bola ukudziwa chimene ikuwerenga ndipo wina akatsegula apeza yomweyo.

Cholakwa china chimene ndimachiona kawirikawiri, ngakhale kwa anthu a madigiri awo, ndi kuphatikiza ma users a mwezi ndi mwezi. Januwale 350, Febuluwale 300, Malichi 330, nkulemba 980. Ayi. Amene anabwera miyezi yonse itatu wawerengedwa katatu pamenepo. Sankha masiku a kota yonse pakamodzi nambala ituluke yokha, ikhala yocheperapo ndipo ndi yoonayo. Views ndi sessions ungaphatikize, users ayi.

Komanso mawu oti kufikira munthu ndi olemera. Wina amene watsegula nkutseka pompo sitinamufikire. Mu GA4 muli engaged sessions, imawerenga ulendo umene munthu wakhala masekondi oposa 10, kapena watsegula masamba awiri kupita mmwamba, kapena wachita chinthu chimene unachiika ngati key event. Ine ndimakonda kuika ziwirizi moyandikana, users ndi engaged sessions, kenako masamba atatu amene anawerengedwa kwambiri. Ma donor anzeru amasangalala kumva kuti tsamba la kaumitsidwe ka chimanga ndi limene anthu anakhalapo nthawi yaitali mu Malichi kusiyana ndi chinambala chachikulu chopanda nkhope. Ukatero tenga sikirinishoti yoonetsa masiku pakona paja, chita export ya PDF kapena CSV, sunga mu foda ya kota imeneyo. Kota iliyonse muyezo womwewo, osati lero users mawa views chifukwa ndi imene yakwera.

Tsopano za abwana. Usakawatsutse pa staff meeting, ndapota nawe, munthu wamkulu akachita manyazi pagulu amaumirira ngakhale waona yekha kuti walakwa. Apeze ali okha, tsegula AWStats yomweyo, aonetse mawu oti Hits, kenako aonetse unique visitors pambali pake, aziona okha. Uwauze kuti chida chakalecho chimasocheretsa anthu ambiri, zimene zili zoona. Ndipo mu lipoti la Lachisanulo muike ndime yaifupi yonena kuti nambala ya kota yatha inali ya server hits, kuyambira pano mukugwiritsa GA4, ndipo ziwirizo zisayerekezedwe. Kudziwulula wekha kumawawa tsiku limodzi, ma donor ambiri amangoti zikomo potidziwitsa.

nkhwazi265

Zimene anena amayi ndi akulu a kachipangizo ndikugwirizana nazo, koma tisamupatse mlongoyu chithunzi choti GA4 ndi uthenga wabwino wosalakwa. Kwathu kuno imaphonya anthu, ndipo imaphonya kwambiri anthu omwewo amene bungwe lake likuwafuna. Analytics imawerenga pokhapokha JavaScript yake yatsegulidwa mu browser. Munthu ali ku mudzi netiweki ikubwera nkumapita, wadina linki pa Facebook, tsamba loyera likungozungulira, wadikira pang'ono waona MB zikupita watseka. Facebook yawerenga click, Analytics sinaone kanthu. Ena ali pa bando ya social yokha, akadina linki yotuluka kunja siitsegula nkomwe koma click yalembedwa kale. Onjezani amene adina kawiri katatu poyesa mwayi, ndi amene chala chinangogunda akupanga scroll. Ndiye 1,900 ya Facebook ndi nambala ya Analytics sizingafanane, ndipo mpata umene uli pakatipo ukukuuzani kanthu, mwina tsamba lanu ndi lolemera. Yesani pa PageSpeed Insights, ndikubetcha mupeza zithunzi zochokera mu kamera molunjika za 4MB chimodzi. Palinso a Opera Mini pa extreme saving, tsamba limayamba ladutsa pa maseva a Opera ndiye zowerengazo nthawi zina zimasokonekera, komanso ma ad blocker ndi browser ngati Brave amatsekereza Analytics dala.

Za Direct zija, ayi mlimi wa ku Jali sakulemba adiresi yanu kkkk. Direct kwenikweni ndi kumene Analytics imaponya aliyense amene siikudziwa kumene wachokera. Ndipo kwathu kuno gwero lalikulu la zimenezo ndi WhatsApp, munthu akadina linki mu gulu palibe chimene chimauza webusaiti kuti wachokera kuti. Chimodzimodzi SMS, QR code pa poster, linki ya mu PDF. Mankhwala ake ndi UTM, timawu toonjezera pa linki touza Analytics kumene munthu wachokera. Musanatumize linki mu magulu a alimi muwonjezere kumapeto kwake motere

?utm_source=whatsapp&utm_medium=social&utm_campaign=kusunga_chimanga

Google ali ndi katsamba kotchedwa Campaign URL Builder kamakupangirani, mungolemba mmabokosi. Chenjezo, lembani zilembo zazing'ono nthawi zonse, chifukwa WhatsApp ndi whatsapp kwa Analytics ndi zinthu ziwiri zosiyana, ine ndinapezapo mizere inayi ya chinthu chimodzi chifukwa aliyense mu ofesi amalemba mmene wafunira, wina watsap. Tsegulani ka spreadsheet kamodzi ka malinki onse aliyense azitenga mmenemo. Ndipo UTM ndi ya malinki ochokera kunja okha, musaike pa ma menu kapena mabatani a mkati mwa webusaiti yanu.

China chimene mabungwe ambiri sadziwa ndi ma PDF. Mu Enhanced measurement muli file downloads, ikakhala yoyatsa imawerenga munthu akadina PDF ali pa tsamba lanu. Koma mukatumiza mu WhatsApp linki yolunjika ku PDF, ija yothera .pdf, Analytics siiona chilichonse chifukwa mu PDF mulibe code. Kabuku kanu kakhoza kutsitsidwa kambirimbiri inu muli pa zero. Apa ndi pamene AWStats imene mukuinyozayi imathandiza, ili ndi gawo la downloads, seva ndi imene imaona zimenezo. Ndiye musaitaye, ingodziwani funso loifunsa. Kapena muzitumiza linki ya tsamba limene pali batani la PDF, osati PDF yeniyeniyo. Akangoitsitsa nkuyamba kutumizirana fayiloyo mmagulu ndiye basi, palibe chida chingawerenge.

Search Console 312 ija ilibe vuto, imeneyo imawerenga okhawo amene anakupezani pofufuza pa Google, yerekezani ndi mzere wa google organic mu Analytics osati ndi users onse, ndipo ngakhale pamenepo sizifanana ndendende, masiku ake amayendera nthawi ya ku California. Ubwino wake imakuonetsani mawu amene anthu analemba pofufuza, ndipo imasunga miyezi 16.

Ngati pa webusaiti pali batani la tilembereni pa WhatsApp, limenelo ndiye golide wanu. Linki ya wa.me imagwidwa ngati outbound click, pangani event yatsopano kuchokera pa click imene link_url yake muli wa.me, muyiike kukhala key event. Mukaona mavidiyo akale akunena conversions ndi chomwecho, anasintha dzina mu 2024. Anthu 40 amene anadina kuti alankhule nanu ine ndimawaona olemera kuposa views zonsezo.

kachipangizo

Zoona akulu, za PDF ndinaiwala. Ndionjezepo za anthu a mu ofesi, chifukwa pa webusaiti yaing'ono ngati iyi inu nomwe mukhoza kukhala gawo lalikulu la views, makamaka abwana akamatsegula mmawa uliwonse kuona chithunzi chawo. Mavidiyo onse amati pangani internal traffic filter ndi IP ya ofesi. Zimagwira ngati ofesi ili ndi IP yokhazikika. Koma ngati mumagwiritsa MiFi kapena hotspot ya foni samalani, IP imasinthasintha komanso makasitomala ambiri a kampani imodzi amatulukira pa IP imodzi, ndiye mukaitsekera mukhoza kutsekera ndi alimi omwe, ndipo zimene filter yataya sizibwerera. Nchifukwa chake imayamba ili pa Testing, ambiri amaiwalanso kuisintha kukhala Active nkumadabwa kuti siikugwira. Kwa inu njira yosavuta, pulagini ya Google ya pa WordPress yotchedwa Site Kit ili ndi pochongera kuti isawerenge anthu amene alowa ngati admin, ndipo pa malaputopu a mu ofesi ikani Google Analytics opt-out add-on. Mafoni awo asiyeni, simungathane nawo.

Funso lina, akaunti ya Analytics munatsegula ndi imelo ya ndani? Ngati ndi Gmail yanu, lero lomwe onjezani imelo ya bungwe ngati Administrator pa access management, kuti tsiku limene mwapeza ntchito ina asadzakusakeni ngati mmene mukumusakira wa ku Joniyu. Ndaona mabungwe akuyambiranso pa zero chifukwa cha zimenezi.

Ndipo ngati muli ndi fomu yolembetsa alimi onetsetsani kuti maina, manambala a foni kapena imelo sizikutuluka mu adiresi ya tsamba munthu akadina submit, chifukwa adiresi yonseyo imapita ku Analytics, malamulo a Google amaletsa kutumiza zoterezo. Kwathu kunonso pano kuli Data Protection Act ya 2024, oyang'anira ndi MACRA, ndiye kakhale katsamba ka privacy konena kuti mumagwiritsa Google Analytics ndi ma cookie. Ma donor a ku Ulaya amafunsanso zimenezi chifukwa cha GDPR, lamulo lawo loteteza data ya anthu. Akadzavuta kwambiri kuli Matomo, chida china chowerengera ngati Analytics, mumaiika pa hosting yanu data nkumakhala kwa inu, koma pakadali pano musadzichulukitsire ntchito, konzani imodziyi kaye.

mlongo_waku_Zomba

Abale inu Mulungu akudalitseni, ndabwera ndi zotsatira. Wakuba uja ndamugwira ndipo ndi ine ndemwe kkkk. Mu Januwale ndinaika Site Kit, nditatsegula malipoti madzulo ake ndinapeza mulibe kanthu, sindimadziwa kuti zimatenga tsiku kapena awiri kuti zioneke, ndiye ndinaganiza kuti yakanika nkupeza vidiyo ina imene inati ndimate code mu header ndi pulagini ina. Zonse ziwiri zakhala zikugwira miyezi itatu. Mu DebugView page_view imatuluka iwiri iwiri ngati mapasa. Ndachotsa ya mu header, pano ikutuluka imodzi. Time zone inali Los Angeles, retention inali miyezi 2, zonse ndasintha. Akaunti inalidi pa Gmail yanga ija ndinatsegula ndili ku sekondale, dzina lake sindinganene pano.

Views ndasankha kusaika mu lipoti la kota ino, ndinafuna kungogawa pakati koma masiku oyambirira code inali imodzi ndiye ndikanakhala ndikungopeka. Ndalemba active users a ku Malawi okha, atsala 760, ndi kamzere kofotokoza kaja amayi ananena. Engaged sessions ndaisiyanso chifukwa ndaganiza kuti ngati tsamba limodzi limawerengedwa kawiri ndiye kuti aliyense amaoneka ngati watsegula masamba awiri, kapena ndikulakwitsa a kachipangizo? Engagement rate yake inali 90 ndi kanthu peresenti, lero yatsika kale.

Abwana ndinawapeza ali okha nthawi ya lunch. Anayang'ana mawu oti Hits aja nthawi yaitali osayankhula, kenako anati ndiye bwanji anaika nambala yaikuluyo ngati si yofunika. Ndime yovomereza ija anakana kaye, akuti tingosintha mwakachetechete, koma a finance atamva anati bola tilembe, ndiye yalowa, ngakhale aifupikitsa mpaka yatsala mizere iwiri. Ku board akuti akanena okha, kaya.

A nkhwazi, mu AWStats gawo la downloads ndapeza kabuku kathu ka matumba osungira chimanga a PICS kanatsitsidwa ka 400 ndi kanthu mu Malichi mokha, ku Analytics kukuoneka ka 11. Ndi linki ija a field officer anatumiza mmagulu. Imeneyi ndingaiike mu lipoti pamzere wakewake nditalemba kuti yachokera ku seva, kapena nayonso muli ma bot? Pali kolamu ina pambali pake yalembedwa 206 Hits ili ndi nambala yaikulu kuposa, imeneyo abwana sindinawaonetse dala.